Tinalipira kukaona anangumi koma tinangoona msana chapatali: kodi anatipusitsa?

Tsabola22
Anzanga apagulu, ndithandizeni maganizo chifukwa mtima wanga sunatsikebe. Kumayambiriro kwa Juni tinakwera boti la alendo lokaonetsa anangumi kufupi ndi Hermanus, ku South Africa. Pachithunzi chawo chokopera anthu pali nangumi atadumpha thupi lonse kunja kwa madzi, anthu m'boti kukamwa yasa. Ife tinanyamuka masana, mphepo ikutikwapula kumaso, ndipo chomwe tinaona ndi msana wakuda ukutumphuka chapatali, kenako zii. Ndinapempha woyendetsa boti kuti asendere pafupi, iye anangopukusa mutu n'kuchepetsanso liwiro. Titatsika ndinafunsa zotibwezerako ndalama, anakana. Kodi kumeneku si kuba kwa masanasana? Amene munapitapo, zimakhala chonchi?

Kamdothi
Munalipira boti, achimwene, simunalipire nangumi. Iyeyo salandira malipiro kukampaniko.

Tsabola22
Nanga chithunzi chija anachipachikiranji pakhomo?

Kamdothi
Chifukwa chithunzi cha anthu akusanza sichingakope aliyense.

Nachisale_M
Musamuseke munthu wadandaula. Ine ndili mbali ya a Tsabola. Ngati ukugulitsa chinthu chimene sungalonjeze, nena poyera usanalandire ndalama ya munthu. Makampani ena amalemberatu kuti mukapanda kuona nangumi mudzakwerenso ulere tsiku lina, ena amabweza gawo la ndalama. Amenewo ndiye ochita malonda moona mtima. Koma inu vuto lanu ndi lakuti msana munauona, ndiye kwa iwo nkhani inathera pomwepo.

AgogoAPanyanja
Mwana wanga Tsabola, ine ndinagwirapo ntchito m'maboti otere ndisanapume, ndiye ndikuuzeni mmene ndikuonera. Nkhani yoyamba ndi mwezi umene munapita. Anangumi amene amatchukitsa Hermanus ndi a mtundu wa southern right. Miyezi yoyambirira ya chaka amakhala kutali kumadzi ozizira a kummwera, cha ku Antarctica, kumene kuli chakudya chawo, ndipo amabwera kugombe la South Africa kudzakwerana ndi kudzabereka. Oyamba amafika cha mu Juni, koma amachuluka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo pofika Disembala ambiri amakhala atabwerera. N'chifukwa chake chikondwerero cha anangumi cha tauniyo chimachitika cha kumapeto kwa Sepitembala, osati Juni.

Yachiwiri ndi nthawi. Mwati munanyamuka masana. M'madera ambiri a m'gombe nyanja imakhala bata m'mawa, mphepo n'kumakula dzuwa likamakwera. Mafunde akayamba kuchita thovu loyera pamwamba, mpweya wa nangumi sungausiyanitsenso ndi thovulo, ngakhale ukhale ndi maso akuthwa chotani. Ife tinkadziwa kuti ulendo wa m'mawa ndi umene umabwera ndi anthu osekerera.

Yachitatu ndi imene ikukupwetekani kwambiri, yoti anakana kusendera. Ku South Africa lamulo limaletsa boti wamba, ngakhale kabwato kopalasa, kuyandikira nangumi kupitirira mamita 300. Maboti okhala ndi chilolezo chapadera ndi amene amaloledwa kufika mamita 50, n'kuima pomwepo. Nangumi akafuna kubwera yekha palibe mlandu, ndipo southern right ndi wachidwi, amabweradi. Koma amabwera kwa boti lodekha, losasinthasintha phokoso la injini. Woyendetsa amene anachepetsa liwiro m'malo mowonjezera amadziwa ntchito yake.

Tsabola22
Zikomo agogo, koma mamita 50 ndi pafupi ndithu. Ife sitinafike ngakhale pamenepo.

MwanaWaSayansi
A Tsabola, ndikufunseni. Msana umene munaonawo unali wosalala, kapena unali ndi chipsepse pamwamba? Nanga pomira anatukula mchira?

Tsabola22
Chipsepse chinalipo, chosongoka, chopindikira kumbuyo. Mchira sitinauone. Amatumphuka apa, patapita mphindi zingapo n'kutulukira kwina kumene palibe amayang'ana.

MwanaWaSayansi
Ndiye amene munaonayo sanali southern right. Southern right alibe chipsepse pamsana ngakhale pang'ono, ndi wonenepa, woyenda mwaulesi, ndipo pamutu pake pali zigamba zoyera zokhakhala. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi nangumi wa mtundu wa Bryde's. Ameneyu amapezeka m'madzi a South Africa chaka chonse akusaka nsomba zing'onozing'ono monga sardine ndi anchovy. Ndi wowonda, waliwiro, sakonda kuonetsa mchira, ndipo njira yake siidziwika. Kumuthamangitsa n'kungotha mafuta. Choopsa china, boti likamathamanga pamwamba pa nyama imene simukudziwa kuti itulukira pati, m'pamene pulopela imatema msana. Anangumi ambiri amayenda ndi zipsera za mizeremizere chifukwa cha zimenezi.

Kwa amene mukukonzekera ulendo, chinthu choyamba kuoneka patali si thupi ayi, ndi mpweya umene nangumi amatulutsa, ndipo mtundu uliwonse uli ndi katulutsidwe kake. Wa southern right umagawikana pawiri ngati chilembo V. Wa humpback umakwera n'kumwazikana pamwamba. Humpback mumamudziwanso ndi zipsepse zake za m'mbali zazitali zedi, zofika mamita 5, komanso amapinda msana n'kutukula mchira akamamira. Iyeyo ndiye katswiri wodumpha. Sperm whale ali ndi bowo limodzi lopumira chakumanzere kwa mutu, choncho mpweya wake umapendekekera kutsogolo chakumanzere. Akatukula mchira mutsanzikeni, chifukwa amapita pansi mamita opitirira 1,000 kukasaka squid, nyama zofewa za m'nyanja zokhala ndi mikono yambiri, ndipo amatha mphindi 45 kapena kuposa asanatulukenso. Ku Kaikōura, ku New Zealand, amaoneka chaka chonse chifukwa chigwa chakuya cha pansi pa nyanja chili pafupi ndi gombe. Blue whale, wamkulu pa nyama zonse, amafika mamita 30 kutalika, ndipo mpweya wake umakwera chowongoka mpaka cha m'mamita 9.

Chidzukulu
Pepani funso la mwana. Kodi chimene amatulutsacho si madzi amene wamwa?

MwanaWaSayansi
Si madzi omwa ayi. Nangumi si nsomba, ndi nyama yoyamwitsa yopuma ndi mapapo. Mphuno zake zili pamwamba pa mutu. Akatumphuka amatulutsa mpweya wofunda wa m'mapapo mwamphamvu, ndipo ukakumana ndi mpweya wozizira wakunja umasanduka nthunzi, kuphatikizapo mamina ndi timadzi tomwe tinali pabowolo.

Bambo_a_Tadala
Mamina amenewo ine ndinawalawa. Tinali ku Tofo, ku Mozambique, injini itazimitsidwa, tikungoyandama. Mwadzidzidzi kumbuyo kwathu kunamveka phwiii, phokoso lochita kugwedeza pachifuwa. Kutembenuka, humpback ali pomwepo, khungu lake lakuda lodzaza timatuza, pachibwano patamatirira tizigoba toyera. Mphepo inatibweretsera nthunzi yonse kumaso. Fungo lake la nsomba zowola linakhala m'malaya mpaka madzulo. Atamira anasiya pamadzi malo ozungulira osalala, ngati wina wathirapo mafuta, mafunde akuwinduka mbali zonse koma pamenepo pali phee. Wotitsogolera anati chimenecho ndi chidindo cha mchira wake, ndipo ukaona zingapo zotsatizana umadziwa kumene akulowera. Mayi a Tadala anaiwala kuti ali ndi foni m'manja, chithunzi tilibe ngakhale chimodzi.

Wamantha
Inu mukuti chinyama chachikulu kuposa boti chinatulukira kumbuyo kwanu ndipo mukusimba mosangalala? Ine ndikanakomoka. Chikagubuduza boti? Chikakumeza?

Kamdothi
Ukapite ku Nineve mwachangu, sichikumeza.

MtumikiWaMawu
Musaseke nkhani ya Yona, abale. Ambiri amene mumathawa maudindo kumpingo mukakwera maboti amenewa muzilapa kaye.

Nachisale_M
Abusa, ndiye boti lonse lingatsale lopanda munthu.

MwanaWaSayansi
A Wamantha, zolowa m'kamwa mwa nangumi zinachitikadi. Mu 2019 bambo wina amene ankasambira pakati pa nsomba za sardine kufupi ndi Port Elizabeth analowa m'kamwa mwa Bryde's. Mu 2021 zinachitikira mlenje wa nkhanu za m'nyanja ku Cape Cod, ku America, ndipo mu 2025 mnyamata wopalasa kayak kummwera kwa Chile anazimirira m'kamwa mwa humpback bambo ake akujambula. Onse atatu analavulidwa amoyo m'kanthawi kochepa. Anangumi amenewa alibe mano, ali ndi zosefera m'kamwa zimene zimagwira tinkhanu totchedwa krill ndi tinsomba, ndipo mmero wawo ndi wopapatiza moti munthu sangadutse. Onsewo anangopezeka pakati pa chakudya nangumi akudya. Ngozi yeniyeni ndi kulemera kwake. Humpback wamkulu amaposa matani 30, ndiye akadumpha n'kugwera boti laling'ono, kapena akamenya ndi mchira, anthu amavulala ngakhale kufa. N'chifukwa china chokhalira patali.

Wamantha
Nanga zija tinaona pa intaneti zothyola maboti ku Spain?

MwanaWaSayansi
Amenewo ndi ma orca a kufupi ndi Gibraltar. Kuyambira 2020 kagulu kena kakhala kakugunda ndi kuthyola ziwongolero za maboti oyendera mphepo, ndipo maboti angapo anamira. Anthu ake anapulumutsidwa. Akatswiri ambiri amati ndi masewera amene anafalikira pakati pa ana awo. Orca kwenikweni ndi wa banja la ma dolphin, ndiye wamkulu pa onse.

MtumikiWaMawu
Masewera othyola chiwongolero cha mwini? Ana osalangidwa ali paliponse.

Woyang'aniraGulu
Tibwerere ku funso la a Tsabola, abale. Za kulera ana zili ndi malo ake.

Mai_a_Awiri
Ine dandaulo langa ndi lina. Nangumi analipo, anzanga onse anamuona, koma ine ndinali nditakumbatira ndowa maso ali tsinzi. Sindinadziwe kuti munthu angasanze mpaka kusowa chosanza. Kodi pali amene ali ndi mankhwala a zimenezi? Chifukwa ndikufuna kudzapitanso.

Kamdothi
Walira mvula walira matope, amayi.

NamwinoWaUsiku
Achemwali, nseru ya paboti imabwera chifukwa ziwalo za thupi zikutsutsana. M'kati mwa khutu muli kachiwalo kamene kamamva kugwedezeka, ndiye kakuuza ubongo kuti tikukwera n'kutsika, pomwe maso akuyang'ana pansi pa boti kapena pafoni akuti zonse zili bwinobwino. Ubongo ukasokonezeka, m'mimba ndi mmene mumalipira. Choncho khalani panja popita mphepo, chapakati pa boti pamene sipagwedezeka kwambiri, maso kutali kumene thambo lakumana ndi madzi. Musalowe m'kachipinda, musakhale kufupi ndi utsi wa injini, ndipo ma binoculars muziwagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo chifukwa amakulitsa chizungulire. Mapiritsi oletsa nseru ya paulendo amathandiza, koma amwedwe musanakwere monga mwa malangizo a wogulitsa mankhwala. Mukamwa nseru itayamba kale, amatuluka mmene analowera. Ambiri amagonetsa, ndiye musadzayendetse galimoto mukangotsika. Musakwere ndi njala, musakwerenso mutakhuta zamafuta, ndipo mowa wa usiku wathawo ndi mdani wamkulu. Amayi oyembekezera ndi anthu a vuto la msana afunse dokotala kaye, makamaka ngati boti lake ndi laling'ono lothamanga, chifukwa limamenya mafunde mwamphamvu.

AgogoAPanyanja
Ndiwonjezere kamodzi: mukasanza, sanzirani mbali imene mphepo ikupita. Anzanu adzakuthokozani.

WojambulaWaulesi
Ine ndikufuna kunena za mafoni. Theka la anthu amene amati sanaone kanthu amakhala atabisa nkhope kuseri kwa foni. Nangumi akadumpha ndi nkhani ya masekondi awiri. Pomwe ukutsegula kamera wagwera kale m'madzi, iwe wajambula thovu. Yang'anani ndi maso kaye. Humpback akadumpha kamodzi nthawi zambiri amabwerezanso, ndiye chachiwiricho n'chimene mungajambule. Magalasi a dzuwa ochotsa kunyezimira kwa madzi amathandiza kuona thupi lake lili pansi lisanatuluke. Mvetseraninso wotsogolera, chifukwa amaloza pogwiritsa ntchito wotchi: kutsogolo kwa boti ndi 12 koloko, kumanja 3 koloko, kumbuyo 6, kumanzere 9. Akakuwa kuti 2 koloko, musayang'ane pamkono.

Mukakhala ndi mwayi wojambula kunsi kwa mchira wa humpback, musachitaye chithunzicho. Mawanga akuda ndi oyera a pamenepo ndi osiyana pa nangumi aliyense, ndipo pali tsamba lotchedwa Happywhale pamene mumatumiza chithunzi, makina n'kufufuza ngati nangumiyo anaonekapo kwina. Ndi njira imeneyi anazindikira humpback wamphongo amene anajambulidwa kugombe la Colombia mu 2013 ndi 2017, n'kudzaonekanso ku Zanzibar mu 2022, mtunda wopitirira makilomita 13,000.

Bambo_a_Tadala
Kuchoka ku Colombia mpaka ku Zanzibar? Ameneyo kwawo anakanidwa.

Mlonda_wa_Gombe
Ine ndinene zosakoma. Nonsenu mukukambirana za mmene mungaonere bwino, palibe akufunsa ngati maboti amenewa ayenera kukhalapo n'komwe. Mayi wa nangumi akabwera kugombe kudzabereka sadya kwa miyezi ingapo. Akuyamwitsa mwana ndi mafuta a m'thupi mwake, ndipo mphamvu zomwezo ndi zimene adzabwerere nazo kummwera. Boti lililonse limene lamusuntha pamalo opumira lamudyera mphamvu. Ofufuza ku Exmouth Gulf, ku Australia, anapeza mu 2017 kuti ana a humpback amalankhula ndi amayi awo monong'ona, mwina kuti ma orca asawamve. Tsono ganizirani injini zitatu zikulira pamutu pawo. Ku Hermanus komweko kuli njira ya pamwamba pa matanthwe imene munthu amaonera anangumi ali pamtunda, nthawi zina pafupi kuposa a m'boti, ndipo kuyambira 1992 kuli munthu woliza lipenga lopangidwa ndi chomera cha m'nyanja wodziwitsa anthu kumene aonekera. Nanga boti n'lachiyani?

Nachisale_M
Si kulikonse kuli matanthwe, achimwene. Sperm whale simungamuone muli pamtunda.

Mlonda_wa_Gombe
Ndiye asaonedwe. Ndani anati chilichonse tiyenera kuchiona?

Mphunzitsi_Wopuma
A Mlonda, mfundo yanu ndi yolemera ndipo sindikuitaya, koma tiyeni tikumbukire kumene tachokera. Ku Durban kunali malo ophera ndi kuyengera mafuta a anangumi kuyambira 1908 mpaka 1975. Southern right anaphedwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu, chifukwa amayenda pang'onopang'ono pafupi ndi gombe ndipo akafa amayandama. Anatetezedwa ndi pangano la mayiko mu 1935, komabe zombo za Soviet Union zinapitiriza kuwapha mobisa mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, zimene zinadzaululika m'ma 1990. Bungwe la International Whaling Commission linagwirizana mu 1982 zoimitsa kupha anangumi pochita malonda, ndipo chiletsocho chinayamba kugwira ntchito mu 1986. Ngakhale lero Norway ikuphabe, ndipo Japan inatuluka m'bungweli mu 2019 n'kuyambiranso.

Tsono chimene chinasintha mitima ya anthu n'chiyani? Mbali ina ndi nyimbo za humpback zimene Roger Payne ndi Scott McVay anazifotokoza mu 1971, anthu n'kuzindikira kuti nyama imene ankaiona ngati mgolo wa mafuta imaimba. Mbali ina ndi maboti omwewa. Ulendo wa paboti wokaona anangumi unayambira ku San Diego mu 1955, ndipo lero matauni ngati Húsavík ku Iceland ndi Kaikōura amadalira nangumi wamoyo. Msodzi amene mwana wake amaphunzira ndi ndalama za alendo ndi amene amayamba kukuwa akaona wina akuvutitsa nyama. Ine ndimati vuto si boti, vuto ndi kayendetsedwe kake ndi kuchuluka kwake.

Mlonda_wa_Gombe
Aphunzitsi, mbiriyo ndaimva, koma kuchuluka kwake ndani akukuletsa? Kumene kuli ndalama maboti amangowonjezeka. Ndinapitapo kwina kumene amaonetsa ma dolphin m'mamawa. Maboti oposa khumi kuthamangitsa kagulu kamodzi, kukadula kutsogolo, anthu n'kumadumphira m'madzi pamwamba pawo. Ma dolphin amamira, akatulukira kwina mpikisano uyambirenso. Aliyense m'boti akuombera m'manja, ine manyazi atandigwira. Ma spinner dolphin amasaka usiku n'kupuma masana m'malo osaya. Ku Hawaii boma linafika poletsa mu 2021 kusambira nawo kapena kuwayandikira kupitirira mayadi 50 chifukwa anali kusowa tulo.

Mphunzitsi_Wopuma
Pamenepo tikugwirizana, ndipo mwatipatsa umboni woti lamulo limatheka. Koma onani kumene kukakamiza kumachokera. Woyendetsa boti amathamangitsa nyama chifukwa kumbuyo kwake kuli mlendo akukuwa kuti sendera, ndalipira. Akakana, mlendoyo amakalemba zoipa pa intaneti, mawa anthu n'kupita kwa mnzake wosasamala malamulo.

Tsabola22
Aphunzitsi, mwala umenewo mwaponyera ine.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndaponya m'mwamba, mwana wanga.

Nachisale_M
Koma musasinthe nkhani kuti wolakwa akhale wogula. Kampani ikadziwa kuti kumayambiriro kwa Juni anangumi sanachuluke, iuze anthu. Wotsogolera akadziwa kuti uyu ndi Bryde's ndipo sitingamuyandikire pa zifukwa izi, afotokoze, osangopukusa mutu. A Tsabola adziwira pano pagulu zimene anayenera kuuzidwa ali m'boti. Pamenepo pokha kampaniyo inalephera, ndipo sindisintha maganizo.

AgogoAPanyanja
Apo mwalasa, mayi. Boti labwino limakhala ndi munthu wodziwa nyama, wolankhula ulendo wonse. Musanalipire funsani ngati ali ndi chilolezo, ngati m'boti muli wotsogolera wophunzira za nyama za m'nyanja, komanso zimene aona masiku apitawa. Akakulonjezani kuti mukamugwira nangumi ndi manja, tembenukani.

Chidzukulu
Koma agogo, ine ndinaona kanema anthu akusisita nangumi pamutu ali m'kaboti.

AgogoAPanyanja
Kumeneko ndi ku San Ignacio, ku Baja California m'dziko la Mexico. Ma gray whale amabwera kudzaberekera m'madzi otetezeka a kumeneko kuyambira Januwale mpaka cha mu Epulo, ndipo ena amabwera okha paboti, mpaka mayi kukankhira mwana wake kwa anthu. Zinayamba mu 1972 pamene nangumi wina anayandikira msodzi wa kumeneko. Koma dziwani kuti maboti amalowa owerengeka, kwa nthawi yoikika, m'dera limodzi lokha, ndipo amene amayamba ndi nangumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musatenge za ku San Ignacio n'kukazifuna kwina.

MwanaWaSayansi
Pa zimene ananena a Mlonda za mphamvu za mayi, pali china chodetsa nkhawa. Ofufuza a University of Pretoria amawerenga ma southern right a ku South Africa ali m'ndege chaka chilichonse, ntchito imene inayamba mu 1969, ndipo amazindikira mayi aliyense ndi zigamba za pamutu pake. Kale mayi ankabereka pa zaka zitatu zilizonse. Zaka zaposachedwapa ambiri akumatha zaka zinayi kapena zisanu, ndipo akubwera ataonda kuyerekeza ndi kale. Akuganizira kusintha kwa chakudya kumadzi a kummwera. Mayi wofika ali wofooka kale safunika kumuwonjezera mtolo.

Kalikonse_Nkabwino
Ine ndimadabwa ndi anthu amene amakwera boti maso ali pa nangumi yekha. Panyanja pali zambiri. Mukanyamukira ku Gansbaai, kufupi ndi Hermanus, mumadutsa ku Geyser Rock kumene kuli ma seal zikwizikwi, nyama zaubweya zosambira m'nyanja n'kumapuma pamatanthwe, phokoso ndi fungo mumazimva musanawaone. Pafupi pomwepo pali Dyer Island pamene pamakhala ma penguin a ku Africa, amene mu 2024 anaikidwa m'gulu la nyama zotsala pang'ono kutheratu. Ana athu mwina sadzawaona. Ndipo mbalame ndi zimene zimaulula chinsinsi cha nyanja. Mukaona ma gannet akuzungulira n'kumadziponya m'madzi chamutu, pansipo pali nsomba, ndipo pamene pali nsomba pamabwera ma dolphin, kenako Bryde's n'kutulukira pakati kukamwa kuli yasa. Pa nthawi imene sardine zimayenda chigulu kugombe la Eastern Cape ndi KwaZulu-Natal, cha mu Juni ndi Julayi, zonsezi zimachitika pamodzi.

Bambo_a_Tadala
Ku Gansbaai kuja si kumene kunatchuka ndi shaki zoyera zija?

Kalikonse_Nkabwino
Komweko, koma zinachepa kwambiri. Mu 2017 mitembo ya shakizo inayamba kupezeka pagombe ilibe chiwindi. Ochita zimenezi ndi ma orca awiri amphongo otchedwa Port ndi Starboard, wina chipsepse chake chinagwera kumanzere, wina kumanja. Amang'amba shaki n'kudya chiwindi chokha. Akatswiri amatsutsanabe ngati shaki zinangothawira kummawa kapena zikuthanso chifukwa cha usodzi ndi maukonde.

Mai_a_Awiri
Nanga whale shark ndi nangumi kapena shaki? Mwana wanga wandifunsa ndasowa chonena.

MwanaWaSayansi
Ndi shaki, nsomba yaikulu kuposa zonse, yofika mamita 12 ngakhale kuposa, koma imadya tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi. Muuzeni ayang'ane mchira. Wa nsomba umaima chilili n'kumakupiza uku ndi uku, wa nangumi ndi dolphin ndi wogona, umakupiza m'mwamba ndi pansi. Ma whale shark amaoneka ku Tofo, komanso ku Mafia Island ku Tanzania kuyambira Okutobala mpaka cha mu Malichi. Mukafika ku Mozambique, kuzilumba za Bazaruto kuli ma dugong, nyama zofatsa zodya udzu wa pansi pa nyanja. Ndi gulu lomaliza lalikulupo kugombe lonse la kummawa kwa Africa, ndipo kuwaona n'kwamwayi kuposa kuona nangumi.

Wamantha
Zonsezi ndazimva, koma ine ndikakhala pamatanthwe paja ndi a Mlonda.

Kamdothi
Mukatisungire zikwama.

Mai_a_Awiri
Funso lomaliza kwa agogo. Wamng'ono wanga ali ndi zaka zinayi. Ndingapite naye, ndipo mwezi wabwino wa humpback ndi uti?

AgogoAPanyanja
Humpback amadutsa kugombe la Mozambique kuyambira cha mu Julayi mpaka Okutobala, ndipo ku Île Sainte-Marie ku Madagascar ndi ku Watamu ku Kenya amachuluka Julayi mpaka Sepitembala. Za mwanayo, funsani kampani kaye chifukwa ena ali ndi malire a zaka. Sankhani boti lalikulu lokhala ndi mpanda m'mbali ndi chimbudzi, osati kaja kamphira kothamanga. Musanakwere muone ndi maso anu jekete yoyandamitsa ya msinkhu wake, yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Ya munthu wamkulu mwana akagwera m'madzi imangomuvuka kudzera kumutu. Mumuvekenso chofunda ndi chipewa chomangirira, chifukwa panyanja pamazizira ngakhale kumtunda kukutentha, ndipo nangumi akatulukira anthu onse amathamangira mbali imodzi, ndiye dzanja lake musalisiye.